Nyumba ya Renold ku Manchester: Ophunzira Atuluka, Makampani Alowa

Tcheni chimene wakabaza amathira oilo m'mawa asanapite pa siteji chinachokera kudera la ku Manchester. Mu 1879, Hans Renold, mnyamata wa ku Switzerland amene anabwera ku England kudzagwira ntchito yauinjiniya, anagula kafakitale ka matcheni ku Salford, tsidya lina la mtsinje wa Irwell. Chaka chotsatira anapanga mtundu wa tcheni umene njinga ndi makina ambiri akuyendera mpaka lero. Mwana wake, Charles Renold, anapitiriza kampaniyo, ndipo analinso mmodzi wa akuluakulu oyendetsa koleji ya sayansi ndi zopangapanga ya mumzindawo. Iyeyu ndiye anaika mwala wa maziko a nyumba yatsopano ya kolejiyo mu June 1960. Itatsegulidwa pa 23 November 1962, anaitcha dzina lake.

Kolejiyo inali yakale kale. Inayamba mu 1824 ngati Mechanics' Institute, sukulu imene anthu a m'mafakitale a thonje ankapitako madzulo akaweruka kuti akaphunzire masamu ndi sayansi ya makina omwe ankagwiritsa ntchito masana. Mu 1902 inalowa m'chinyumba chachikulu cha njerwa zofiira pa Sackville Street, chimene anatsegula ndi nduna yaikulu Arthur Balfour. Mu 1966 inatenga dzina loti UMIST. Pamene inkakula m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, inawoloka mlatho wautali wa njanji n'kutenga malo amene panali mafakitale akutha ndi tinyumba tothithikana ta antchito. Zambiri mwa izi anagumula, koma fakitale imodzi ya thonje ya pa Jackson Street anaisiya, naisandutsa malo ophunzirira uinjiniya wa makemikolo. Choncho kusintha ntchito ya nyumba si kwachilendo pamalo amenewa.

Anajambula pulani ya nyumba ya Renold ndi W. A. Gibbon wa kampani ya Cruickshank and Seward. Pansi pali thunthu lalikulu la nsanjika ziwiri, momwe muli maholo akuluakulu: imodzi ya anthu pafupifupi 500, awiri a anthu pafupifupi 300, ndi ena ocheperapo. Pamwamba pa thunthulo pakhala nsanja ya nsanjika 6, imene inali ya timaholo ndi zipinda zokambiranamo. Khoma lake la kum'mawa, la magalasi ndi konkire yoyera, ndi lopindikapindika ngati lata loimika. Pambali pali masitepe otchingidwa ndi magalasi okhaokha, moti munthu ali panja amaona anthu akukwera ndi kutsika. Mu 1968 katswiri wojambula Victor Pasmore anajambula chithunzi chachikulu pakhoma la m'kati, chotchedwa Metamorphosis.

Chachilendo kwambiri sichinali maonekedwe. Nthawi imeneyo dipatimenti iliyonse ya yunivesite inkakhala ndi nyumba yake ndi maholo ake. A zamagetsi kwawo, a makemikolo kwawo. Renold inali nyumba yoyamba mu United Kingdom yomangidwa kuti ikhale ya maholo ophunzirira okhaokha, yopanda dipatimenti yoti n'kunena kuti ndi yathu. Ola likakwana, zitseko zonse zinkatseguka nthawi imodzi, ndipo ophunzira mazanamazana a maphunziro osiyanasiyana ankakhuthukira m'makonde ndi pamasitepe amodzimodzi. N'chifukwa chake makondewo anawamanga otakasuka. Tisunge mfundo imeneyi, chifukwa zaka 60 pambuyo pake ndi imene inapatsa nyumbayi moyo wachiwiri.

Mu 2004 UMIST inaphatikizana ndi Victoria University of Manchester n'kupanga University of Manchester. Yunivesite imodzi inapezeka ndi makampasi awiri, ndipo akuluakulu anasankha kusonkhanitsa onse kumbali ya Oxford Road. Anamanga chinyumba chatsopano cha mainjiniya cha mapaundi oposa 400 miliyoni, ndipo pofika 2022 ophunzira ndi aphunzitsi anali atasamukira kumeneko. Kumbuyo kunatsala nyumba zambirimbiri zotseka, pamalo oti munthu amayenda mphindi zochepa chabe kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Piccadilly. Malo otere pakati pa mzinda waukulu ndi ndalama zochuluka zedi.

Yunivesite sinagulitse malowo n'kuchokapo. Mu 2021 inasankha kampani ya Bruntwood SciTech kuti achitire limodzi bizinesi, yunivesiteyo itatenga gawo locheperapo. Eni ake a kampaniyi ndi Bruntwood, yomanga ndi kubwereketsa maofesi ya ku Manchester komweko, kampani ya inshuwalansi ya Legal & General, komanso, kuyambira 2023, thumba la penshoni la ogwira ntchito m'makhonsolo a Greater Manchester. Ntchitoyo poyamba inkatchedwa ID Manchester, kenako mu September 2024 anaipatsa dzina loti Sister. Pamapepala akuti idzadya mapaundi 1.7 biliyoni, idzabweretsa nyumba zogona zoposa 1,500 ndi ntchito zoposa 10,000. Amenewa ndi malonjezo, ndipo malonjezo a omanga mizinda amafunika kuwamvera ndi khutu limodzi. Chimene chinachitikadi n'chakuti nyumba yoyamba kutsegulidwa, kumapeto kwa 2024, sinali yatsopano. Inali Renold, yokhala ndi malo oposa masikweya mita 10,000, itasanduka maofesi a timakampani tongoyamba kumene, madesiki obwereka, malo omwera khofi ndi maholo amisonkhano. Oyamba kulowa anali a Sustainable Ventures, bungwe lothandiza timakampani topanga zinthu zochepetsa kuwonongeka kwa nyengo. Khoma lopindikapindika lija, masitepe a magalasi ndi chithunzi cha Pasmore anazisunga.

Ntchito ya amisiri

Alendo akabwera tsiku lotsegulira amaona mipando yamitundumitundu ndi maluwa a m'miphika. Koma pokonzanso nyumba iliyonse ya m'zaka za m'ma 1960, ndalama zambiri zimathera pa zinthu zimene palibe amajambula.

Choyamba ndi asibesitosi. Omanga a nthawi imeneyo ankamukonda chifukwa sapsa ndi moto: ankakutira naye mapaipi a madzi otentha, ankamuika m'masiling'i, m'matailosi apansi ndi m'zitseko. Dziko la United Kingdom linamuletseratu mu 1999, koma mpaka pano matenda obwera ndi fumbi lake amapha anthu pafupifupi 5,000 pachaka ku Britain, ambiri mwa iwo amisiri amene anapuma fumbilo zaka 30 kapena 40 zapitazo. Akakhala osakhudzidwa savulaza. Ngozi imayamba munthu akabowola khoma. Motero lamulo limafuna kuti asanayambe kugumula chilichonse, akatswiri afufuze nyumba yonse. Akapeza asibesitosi woopsa, amamanga hema wa pulasitiki kuzungulira malowo, amamata mipata yonse ndi tepi, n'kuika makina okoka mpweya kuti fumbi lisatulukire kunja. Amisiri amalowa atavala maovolosi ongovala kamodzi ndi zophimba kumaso, amanyowetsa chinthucho kuti chisafumbuke, amachichotsa pang'onopang'ono, n'kuchiika m'matumba awiri, lina m'kati mwa linzake. Potuluka amasamba asanavule chophimba kumaso. Chipinda chimodzi chingawadyere masiku angapo.

Chachiwiri ndi konkire. Ambirife timaganiza kuti konkire siikalamba, koma imakalamba. Ikakhala yatsopano imateteza zitsulo za m'kati mwake kuti zisachite dzimbiri. Mpweya wa kaboni umalowerera pang'onopang'ono kuchokera kunja, chaka ndi chaka, n'kumachotsa chitetezocho. Ukafika pa chitsulo, chinyezi chimayamba ntchito yake, ndipo ku Manchester chinyezi sichisowa. Chitsulo chadzimbiri chimatupa, n'kuthetsula konkire yomwe yachikuta. Injiniya woyeza amayenda ndi kahamala, kugogoda khoma n'kumamvetsera: pabwino pamalira mouma, pomwe pafufuma pamalira mwa phwaphwa. Kenako amaswa kachidutswa n'kupoperapo mankhwala otchedwa phenolphthalein. Pamene konkire ikadali ndi mphamvu yoteteza pamasanduka pa pinki, pamene yatha pamakhala posasintha. Akayeza ndi lula kuti mzere wa pinkiwo wayambira pati, ndipo chitsulo chili pati, amadziwa ngati nyumbayo yatsala ndi zaka zambiri kapena ikufunika chithandizo chamsanga.

Zotsalazo ndi mawaya, mapaipi ndi kutentha. Holo ya mu 1962 inkafuna magetsi owunikira ndi soketi imodzi kapena ziwiri kutsogolo kwa mphunzitsi. Lero desiki iliyonse ikufuna soketi zake ndi intaneti. Mawindo akale a galasi limodzi amataya kutentha m'nyengo yachisanu, ndipo mafuta otenthetsera nyumba anali otchipa pamene ankaimanga. Payeneranso kukhala njira ya munthu wa pa njinga ya olumala, ndi zitseko zotchinga moto zogwirizana ndi malamulo a masiku ano. Mwayi wa nyumba zambiri za nthawi imeneyo ndi woti zimaima pa nsanamira ndi mitanda ya konkire, osati pa makoma a m'kati. Makomawo ungawachotse kapena kuwasuntha, nyumba osagwedezeka. Chovuta ndi maholo otsetsereka aja, amene mipando yake imakwera masitepe kupita kumbuyo. Pamenepo sungaikepo desiki. Kuwalinganiza kumadya ndalama zambiri, n'chifukwa chake nthawi zambiri amangowasiya kuti akhale a misonkhano.

Nanga bwanji osangogwetsa n'kumanga yatsopano, poti mavuto ndi ochuluka chotere? Kwa zaka zambiri yankho linalidi limenelo. Chasintha maganizo ndi kuwerengera kwa mpweya woipa. Kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa padziko lonse, ndipo chitsulo sichitsalira kutali. M'nyumba yosanja, gawo lalikulu la simenti ndi chitsulo lili m'maziko, m'nsanamira ndi m'masilabu. Nyumba imene yaima kale inalipira mtengo umenewo kalekale. Ukaigwetsa umataya zonsezo n'kukawotchanso simenti ina. Mu 2019 magazini ya akatswiri ojambula mapulani yotchedwa Architects' Journal inayambitsa kampeni ya RetroFirst, yoti kukonzanso kuzikhala koyamba kuganiziridwa. Mwa zina inadandaula ndi msonkho: ku United Kingdom, womanga nyumba yogona yatsopano salipira VAT, pamene wokonza yakale nthawi zambiri amalipira 20 peresenti. Boma lomwelo limene limalimbikitsa kuteteza nyengo limapangitsa kugwetsa kukhala kotchipa.

Kugwirira ntchito pamodzi

Obwereketsa maofesi otere amagulitsa chikhulupiriro chimene kwathu timachinena kuti mutu umodzi susenza denga. Amati mukaika wa makompyuta, wa mabatire ndi wa ndalama m'chipinda chimodzi chopanda makoma, nzeru zidzagundana n'kubala kampani. Pali choonadi pamenepa, koma si chonse.

Mu 2018, Ethan Bernstein ndi Stephen Turban a ku Harvard anayeza zimene zinachitika m'makampani awiri akuluakulu a ku America atachotsa makoma m'maofesi awo. Antchito anavala timakina tolemba nthawi imene akuyankhulana maso ndi maso. Makoma atachoka, kuyankhulana kotereku kunatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, ndipo maimelo ndi mauthenga anachuluka. Sizodabwitsa. Munthu amene akudziwa kuti anthu 40 akumumva safunsa funso lopusa, chonsecho mafunso opusa ndi amene amayambitsa zinthu zambiri. Amavala mahedifoni n'kuyang'ana pa kompyuta.

Nyumba imene imatchulidwa kwambiri pa nkhani ya nzeru zogundana inalibe chokongola chilichonse. Building 20 ya pa Massachusetts Institute of Technology anaimanga mothamanga ndi matabwa mu 1943, ya ofufuza za radar pa nthawi ya nkhondo, ndipo ankati nkhondo ikatha aigwetsa. Inakhala mpaka 1998. Inkadontha, inkazizira, ndipo manambala a zipinda ankasokoneza alendo. Koma poti akuluakulu sankaiwerengera, aliyense ankachita nayo zimene akufuna: kubowola khoma kuti adutsitse waya, ngakhale kuchotsa pansi pa chipinda kuti makina atali akwane. Magulu amene anasowa malo kwina ankaponyedwa mmenemo, moti Noam Chomsky wa zinenero ankakumana m'makonde ndi mainjiniya a zamagetsi. Anthu anali ndi zitseko zawo zotseka, koma njira yopita panja inali imodzi ndi ya anzawo osiyana nawo ntchito.

Mwa kuona kwanga, apa ndi pamene Renold ili ndi mwayi woposa maofesi atsopano a magalasi. Nsanja yake ili ndi zipinda zazing'ono zimene kagulu ka anthu asanu kangatseke chitseko n'kukangana momasuka, ndipo pansi pali makonde otakasuka amene aliyense ayenera kudutsamo. Gibbon anaijambula kuti anthu a madipatimenti osiyana azipanikizana pamasitepe, ndipo ndi zomwezo zimene eni ake atsopano akugulitsa. Chimene nyumbayi singapereke yokha ndi ufulu wa Building 20 uja. Wobwereka desiki sangabowole khoma la mwini nyumba.

Ku yunivesite ya Sheffield anayesa njira ina yogwiritsira ntchito nyumba zakale. Pakati pa nyumba ziwiri zakale za dipatimenti ya uinjiniya, Sir Frederick Mappin Building ndi ina ya mu 1885, panali bwalo lopanda ntchito kwenikweni. Analifolera ndi denga la magalasi lopindika, ndipo malowo, otchedwa Engineering Heartspace, anatsegulidwa mu 2020 ali ndi ma labu, maofesi ndi malo okhala ophunzira. Makoma a njerwa amene anali kunja tsopano ali m'kati. Koma yunivesite yomweyo mu 2013 inagwetsa mbali ina ya chipatala chakale cha amayi cha Jessop, ngakhale inali nyumba yotetezedwa ndi lamulo ndipo anthu ambiri anakana, kuti imangepo nyumba ya The Diamond. Itatha mu 2015, chaka chotsatira inaikidwa pa mndandanda wa opikisana pa Carbuncle Cup, mphotho yachipongwe ya nyumba yonyansa kwambiri m'dzikolo. Mayunivesite amasunga zakale zikagwirizana ndi mapulani awo.

Kusiyana kwa Sheffield ndi Manchester n'kwakuti ku Sheffield olowa ndi ophunzira omwewo. Ku Renold alowa ndi olipira lendi. Nyumba imene inamangidwa kuti mwana wa mmisiri wa m'fakitale adzakhale injiniya tsopano ndi katundu wobweretsa phindu kwa yunivesite, kampani ya inshuwalansi ndi thumba la penshoni. Sindikunena kuti n'kulakwa. Mayunivesite a ku England ali pa mpanipani: fizi ya ophunzira a m'dzikomo inaima pa mapaundi 9,250 pachaka kuyambira 2017 mpaka 2025 pamene mitengo ya zinthu inkakwera, ndipo ambiri akudalira fizi ya ophunzira ochokera kunja, kuphatikizapo a ku Africa kuno. Komanso Manchester ili ndi chilonda chake. Graphene, mtundu wa kaboni wopyapyala kwambiri, anamupatula koyamba mumzindawu mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2010, koma ziphaso zambiri za umwini wa zopangidwa kuchokera ku graphene zinalembetsedwa ku China, America ndi South Korea. Cholinga cha malo ngati Renold ndi choti wofufuza amene watulukira kanthu apeze desiki yotchipa, loya ndi woika ndalama asanaganize zosamukira ku London kapena kutsidya kwa nyanja. Zonsezi zidzaoneka pa lendi. Ikakwera, timakampani tating'ono tidzatuluka, mudzatsala makampani amene akanatha kubwereka kwina kulikonse.

Owerenga wa ku Malawi angaone ngati izi ndi za anthu olemera, koma nyumba zathu zambiri za maphunziro apamwamba ndi zamsinkhu umodzi ndi Renold. Za Polytechnic pa Chichiri, yomwe mu 2021 inasanduka MUBAS, ndi za m'ma 1960. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Mzuzu University inayambira m'nyumba za koleji yophunzitsa aphunzitsi. Ife vuto lathu si maholo opanda anthu. Athu ndi odzaza mpaka ena kumvera phunziro pawindo. Koma konkire yathu ikukalamba mofanana, madenga a asibesitosi akadalipo pa nyumba zina zakale za boma, ndipo mmisiri amawadula ndi sowo wopanda chophimba kumaso. Malo ogwirira ntchito pamodzi nawonso tinayamba kuwadziwa, monga mHub ku Lilongwe imene anayambitsa Rachel Sibande. Kwa wachinyamata wobwereka desiki kumeneko, funso loyamba si la mtundu wa mipando. Ndi loti magetsi akazima jenereta kapena sola ilipo, ndipo intaneti ikugwira.

Ku Manchester komweko nkhani sinathe. Renold ndi nyumba imodzi mwa zambiri zimene Cruickshank and Seward ndi anzawo anamanga pa kampasi ya UMIST, zoyera, zozungulira mabwalo a udzu, zojambulidwa kuti zizionekera pamodzi. Mapulani a Sister sakusunga zonse. Zina zalembedwa kuti zigwetsedwe kuti pamangidwe nsanja zazitali za maofesi ndi zogona. Magulu oteteza nyumba za m'zaka za m'ma 1900, monga Twentieth Century Society ndi Modernist Society ya mumzindawo, akhala akudandaula kuti kusunga nyumba imodzi n'kugwetsa zoizungulira ndi kuwononga chimene chinapangitsa malowo kukhala apadera. Omanga amayankha kuti zina mwa nyumbazo zili ndi masiling'i otsika ndi zipinda zopanikiza zimene kampani yamakono singabwereke. Chinyumba cha njerwa zofiira cha pa Sackville Street n'chotetezedwa ndi lamulo, choncho sichingagwetsedwe wamba. Chimodzimodzi khoma lalitali la konkire limene Antony Hollaway anaumba mu 1968 m'mbali mwa London Road kuti litchinge phokoso la magalimoto: boma linaliika pa mndandanda wa zotetezedwa mu 2011, ndipo aliyense wojambula mapulani a mbali imeneyo ayenera kuyamba wapeza chochita nalo.